Chipinda cha Kanema, ku Barnsley

Kanema wa m'chipinda chochezera sazimitsidwa.
Ndinamupeza akuyankhula tsiku lomwe ndinayamba ntchito,
zaka zinayi zapitazo, chisanu chikuluma m'mafupa,
mpaka lero sanapumeko kuti ameze malovu.

Mipando khumi ndi iwiri, yonse yapenya kumodzi
ngati mpingo woyembekezera mgonero.
Ine ndimadutsa ndi tiyi ndi mapiritsi
chowerama, kuopa kuphimba nkhope ya mwini nyumba.

Mayi Pickersgill anaiwala mwana wawo.
Amabwera Lamulungu, ndevu zaimvi, maluwa m'manja,
iwo n'kumufunsa ngati wadzakonza mpope.
Koma anthu a m'sewero la hafu seveni
amawadziwa mpaka ku mtundu wawo:
uyu analanda mwamuna wa mng'ono wake,
uyo ali ndi ngongole kumowa.
Usiku womwe anapha mtsikana wa m'seweromo
analira mpaka bulangeti kunyowa.
Ndinawagwira dzanja, n'kuwapepesa maliro.

Sabata yomweyo Bambo Ackroyd a m'chipinda nambala naini,
amene anakumba malasha zaka makumi atatu,
anatisiya mwakachetechete.
Tinawatulutsira khomo la kuseri
nthawi ya zotsatsa malonda,
wina pagalasi akuvina ndi sopo wotsukira mbale.
Palibe anatembenuka.

Ndi omwewo amene, nkhani zikaonetsa mabwato
othithikana anthu pa nyanja yozizira,
ankatukwana galasi, malovu kuthovoka,
kenako n'kundiona ndagwada, ndikuwamanga nsapato:
"Osati iwe, mwanawe. Iwe ndiwe wathu. Ndikunena awo."
Awo a m'galasi.
Ine wamnofu ndinalibe mlandu, tsiku limenelo.

M'basi ya sikisi m'mawa tonse tazolika mitu,
aliyense ndi kamoto kake m'manja,
chala chikupalasa ngati nkhuku padzala.
Uyu akuseka yekha. Uyo wapsa mtima yekha.
Mvula ikulemba pawindo, woiwerenga palibe.

Kunyumba Ndaziona wanga, zaka khumi ndi zitatu,
waimika foni pa botolo la mafuta ophikira,
akuyeserera kudabwa.
Kachisanu. Kachisanu ndi chimodzi.
Akuti nsidze sizinakwere bwino.
Akulonjera anthu amene sanawaonepo
ndi mawu otulukira m'mphuno,
si a ku Barnsley, si a ku Ntcheu,
ndi a dziko lachitatu lokhala m'thumba la siketi.
Moni wanga amauyankha ndi chibwano.
Usiku amawerenga timitima tofiira
monga ine ndinkawerengera makobidi a zitumbuwa.
Tikaperewera, chakudya chimagona m'mbale.

Ndinati, "Chikomekome cha mkuyu, mwanangu."
Iye, osadzutsa n'mutu womwe:
"Nanga chithunzi chanu chija, amayi?"
Chija ndinajambulitsa nditatsamira galimoto ya abwana,
yunifolomu nditaibisa m'chikhoti,
dzino lili mbee, msana ukuwawa.
Chazungulira mafoni onse a pa Tsangano.
Mlongo wanga wamng'ono wagulitsa njinga yake ya kabaza,
akuti akubwera kuno
kudzatola zomwe ndikutola ine.
Sindinayankhe. Ndinatsegula mpope.

Loweruka madzulo timakhala mpando umodzi, ine ndi iye,
mapazi m'bulangeti limodzi,
kuonera anthu akuimba kuti oweruza awakonde.
Pali mnyamata wina wojintcha, woyendetsa basi,
milomo imam'njenjemera asanayambe,
amapukutira manja m'thalauzi.
Ndam'votera katatu, mapeni makumi asanu ulendo uliwonse,
ine amene chisankho cha makhansala chinandipeza ndili mtulo,
makatani nditatseka, shifiti ili m'miyendo.

Akadzam'chotsa ndidzalira, ndikudziwa kale.
Ndaziona adzandigwira dzanja,
ndipo dzanja linalo
lidzakhala likufufuza foni pansi pa bulangeti.